Lamulo lilipo koma silikufika padenga: nkhani ya nyumba zosawononga magetsi ku Harare

Mu Novembala 2019 boma la Zimbabwe linatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument 235 of 2019, lokhudza madzi otentha m'nyumba. Mfundo yake inali yakuti nyumba yatsopano isaikidwenso giza (thanki yotenthetsera madzi) yodalira magetsi okha, koma ya dzuwa, ndipo ogawa magetsi asalumikize nyumba imene sinatsatire zimenezi, kupatula pamene bungwe loyang'anira za mphamvu la ZERA laona chifukwa chomveka. Chaka chimenecho madzi anali ataphwera kwambiri ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo m'madera ambiri a Harare magetsi ankathima mpaka maola 18 patsiku. Ankabwera anthu atagona, n'kuchoka asanadzuke. Palibe amene akanatsutsa kuti dziko likufunika kusamala magetsi ochepa amene linali nawo.

Zaka zapita, ndipo nyumba zikumangidwabe tsiku ndi tsiku ku Hopley, ku Caledonia, ku Southlea Park, ku Epworth ndi kumbuyo kwa nyumba zakale za ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa. Pamadenga ena magiza a dzuwa akuoneka ndithu, koma mukafunsa eni ake, ambiri angakuuzeni kuti chinawakakamiza ndi kuthimathima kwa magetsi, osati lamulo. Nyumba zina zambiri zilibe siling'i, mazenera ake anayang'ana kumene msewu uli basi, ndipo palibe wa ku khonsolo anapondapo phazi chiyambire kukumba maziko. Nkhaniyi ndi yathu kwambiri ife ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mayadi a kuno. Pakati pathu pali amisiri omanga, akalipentala, mapulamba, eni nyumba, ndiponso ochita lendi amene amagula mayunitsi ndi ndalama zovutikira.

Kodi nyumba imadya bwanji magetsi?

Anthu akamva za malamulo osunga mphamvu m'nyumba amaganiza za mapanelo a sola. Mapanelo ndi nkhani ina. Malamulo amenewa m'mayiko ambiri amayang'ana kamangidwe ka nyumbayo: denga, makoma, mazenera, njira yotenthetsera madzi ndi nyale. Cholinga chake n'chakuti nyumba ikhale yabwino kukhalamo popanda kuyatsa hita usiku wonse kapena fani usana wonse.

Tiyambe ndi giza, chifukwa ndi imene imadya kwambiri m'nyumba zimene ili. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuchokera pa madigiri 15 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 8. Banja limene limamaliza thanki yonse tsiku lililonse likuthera mayunitsi pafupifupi 240 pamwezi pa madzi osamba okha. Popeza mtengo wa ZETDC, kampani yogawa magetsi, umakwera mukapitirira mayunitsi oyambirira a pamwezi, giza ndi imene imakankhira banja m'gawo lodula. Kudziko lonse vuto limakula chifukwa anthu amasamba nthawi imodzi, m'mamawa ndi madzulo. Elementi ya giza nthawi zambiri imakhala ya makilowati 2 kapena 3. Magiza 100,000 a makilowati 2 atayaka limodzi akufuna mamegawati 200, gawo limodzi mwa magawo atatu a mamegawati 600 amene makina atsopano opangira magetsi a ku Hwange, a nambala 7 ndi 8, anawonjezera mu 2023. Kumanga makina otere kumatenga zaka ndi ngongole yaikulu. Kuika thanki ya dzuwa padenga kumatenga tsiku limodzi.

Denga ndi nkhani imene anthu amaipeputsa. Harare ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, motero nyengo yake ndi yofatsa poyerekeza ndi ku Nsanje kapena ku Chirundu. Komabe usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kutsika, ndipo Okutobala amawotcha. Malata opanda siling'i mu Okutobala amakhala ngati chiwaya chokazingira chimanga, ndipo usiku wa Julayi malata omwewo amataya msanga kutentha konse kumene munali m'chipinda. M'mamawa madontho amagwa kuchokera kudenga, mvula isanagwe n'komwe, chifukwa mpweya wa anthu ogona wasanduka madzi pa malata ozizira. Siling'i yokha imasintha zinthu. Mukayala pamwamba pake chofunda chotchinga kutentha, kapena pepala lonyezimira pansi pa malata, kusintha kwake amakumva ndi mwana yemwe. Pamene palibe zimenezi anthu amayatsa hita, kapena kusiya mbale ya chitofu ili yofiira, kapena kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko. Njira yomalizayi yapha anthu ndi utsi wosaoneka wa makala. Ndiye nkhani ya siling'i si ya ndalama zokha.

Chinthu chachitatu sichifuna ndalama ngakhale senti imodzi, ndipo ndi chimene chimaphonyedwa kwambiri. Harare ili pafupifupi madigiri 18 kumwera kwa ikweta. Masana a mu Juni dzuwa limakhala chakumpoto, lotsika, pa madigiri pafupifupi 49 kuchokera pansi. Mu Disembala limakhala pafupifupi paliwombo, pa madigiri 84. Tanthauzo lake ndi lakuti zenera lalikulu loyang'ana kumpoto, lokhala ndi denga lotulukira pang'ono pamwamba pake, limalowetsa dzuwa nthawi yozizira n'kulitsekereza nthawi yotentha. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limachita zosiyana: limatola dzuwa lamadzulo la Okutobala n'kulisunga m'chipinda chogona mpaka pakati pa usiku. Chigamulo cha kumene nyumba iyang'ane chimapangidwa tsiku limodzi lokha, tsiku lokhoma zikhomo ndi kukoka chingwe. Mmera m'poyamba. Maziko akathiridwa konkire, nkhani yatha kwa zaka makumi asanu.

Makoma nawo ali ndi gawo lawo. Khoma lakunja la njerwa ziwiri, la mamilimita 230, limene amisiri amalitchula kuti naini inchi, limachedwetsa kutentha kwa masana n'kukutulutsa usiku. La njerwa imodzi, la mamilimita 115, silingathe. Amene akukayikira kuti kulemera kwa khoma ndi mpweya wozizira wa usiku zingaziziritse nyumba akaone Eastgate, nyumba yaikulu ya maofesi ndi masitolo pakati pa tawuni ya Harare, imene inatsegulidwa mu 1996, yojambulidwa ndi Mick Pearce. Mbali yaikulu ya nyumba ija imazizira popanda makina akuluakulu oziziritsira. Nzeru zake zilipo mumzinda momwemuno, kungoti sizinatsike kufika ku nyumba ya zipinda zinayi.

Malamulo amene alipo

Kamangidwe ka nyumba m'matawuni a Zimbabwe kamatsatira kwambiri Model Building By-laws a 1977. Amanena za maziko, kulimba kwa makoma, moto, mapaipi a zonyansa, kuwala ndi kulowa kwa mpweya. Analembedwa nthawi imene magetsi a ku Kariba ankaoneka ngati sadzatha, ndiponso pamene nyumba za anthu akuda m'makomboni zinkamangidwa ndi khonsolo kapena olemba ntchito, osati eni ake. Nkhawa ya olembawo inali yakuti nyumba isagwe, isapse ndiponso isadwalitse anthu. Za mayunitsi amene idzadye sizinali pamtima pawo.

Malamulo a mphamvu anabwera pambuyo, ndipo anadzera khomo lina, la unduna woona za mphamvu ndi ZERA. Mu 2017 Statutory Instrument 21 inaletsa mababu akale a waya wofiira aja. Mu 2019 kunabwera la magiza. Ndondomeko ya dziko ya mphamvu zongowonjezereka ya 2019 inaika cholinga cha magiza a dzuwa 250,000 pofika 2030. Kupatula apo pali Standards Association of Zimbabwe, imene imalemba miyezo ya katundu. Ndiye taonani: pulani imavomerezedwa ndi khonsolo, mawaya amayenderedwa ndi ZETDC, lamulo la giza ndi la ZERA, muyezo wa katundu ndi wa bungwe linanso. Mwini nyumba ndi mmodzi, koma maofesi ndi anayi, ndipo iliyonse imayang'ana kachigawo kake.

Ku South Africa anachita mosiyana. Mu 2011 anaika gawo la mphamvu, SANS 10400-XA, mkati mwenimweni mwa malamulo omangira nyumba. Limanena za kutchinga kutentha padenga malinga ndi dera, za mazenera, ndiponso kuti theka la madzi otentha a pachaka lichokere ku njira ina osati elementi ya magetsi. Ubwino wake ndi wakuti amene akuvomereza pulani ndi yemweyo amene akufunsa za denga ndi giza. Sikuti kumeneko zonse zili bwino, chifukwa nyumba zomangidwa popanda pulani zili mbwee ku Johannesburg monga kuno. Koma khomo lakhala limodzi.

Lamulo la mababu likutiphunzitsa kanthu. Lero m'nyumba zambiri muli mababu a LED, ndipo palibe insipekita anagogoda pakhomo kudzaona. Babu imagwidwa pamalire a dziko ndi m'sitolo, malo ochepa amene boma lingathe kuwayang'anira, ndipo mtengo wa LED unatsika mpaka wogula anasiya kudandaula. Nyumba sidutsa pa chipata cha malire cha Beitbridge. Imamangidwa pang'onopang'ono, pamalo masauzande ambiri nthawi imodzi, ndi anthu amene sadziwana.

Pamene lamulo limatayikira

Mwalamulo njira yake ndi iyi. Mwini sitandi (puloti) amapereka pulani ku khonsolo, amalipira, pulani imadindidwa. Kenako insipekita amabwera pa magawo angapo: pokhoma zikhomo ndi kukumba maziko, pothira silabu, makoma akafika pamwamba, pa denga, pa mapaipi a zonyansa. Pamapeto pake amapereka satifiketi yololeza anthu kulowa m'nyumba. Njirayi ikanakhala kuti aliyense akudutsamo, kuwonjezera funso la siling'i ndi giza kukanakhala kosavuta.

Vuto loyamba ndi lakuti nyumba zochuluka sizilowa n'komwe m'njirayi. Kuyambira zaka za m'ma 2000 malo ambiri ozungulira mzinda anagawidwa kudzera m'makopaletivi a nyumba ndi anthu ogulitsa malo a boma mwachinyengo, mpaka boma linakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena, imene inapereka lipoti lake mu 2019. Munthu amene alibe pepala lotsimikizira kuti sitandi ndi yake sangatengere pulani ku khonsolo, ndipo sangaike ndalama zambiri pa nyumba imene mawa akhoza kuuzidwa kuti ili m'dambo kapena pamalo a sukulu. Amamanga motchipa, mwachangu, kuti pakhale chooneka. Kumuuza munthu wotere za chofunda cha padenga n'kulankhula ndi amene maganizo ake ali kwina.

Vuto lachiwiri likukhudza ngakhale amene ali ndi mapepala onse. Kuno nyumba simangidwa miyezi isanu ndi umodzi ayi. Chaka chino silabu, chaka chamawa makoma, mwana amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds akatumiza kenakake ndiye malata. Denga likangokwera banja limasamukiramo kuthawa lendi, mazenera ena atatsekedwa ndi njerwa zosamata. Siling'i, pulasitala ndi giza zimaikidwa m'gulu la "tidzaona", ndipo satifiketi yolowera m'nyumba palibe amaifunsa mpaka tsiku limene nyumbayo ikugulitsidwa kapena kukhala chikole ku banki. Zinthu zenizeni zimene zimasunga magetsi ndi zimene zimabwera kumapeto, insipekita atasiya kale kubwera. Apa ndi pamene malamulo otengedwa kumayiko kumene kampani imodzi imamanga nyumba yonse n'kupereka makiyi amalephera. Amayesa nyumba tsiku limene yatha, pamene nyumba zathu zilibe tsiku lotere.

Lachitatu ndi la landilodi ndi wochita lendi. Amene amamanga kanyumba kakumbuyo ku Highfield kapena ku Tafara si amene adzagonemo. Iye amalipira siling'i, koma wopindula ndi mlendi amene mayunitsi ake achepa. Malinga ngati anthu ofuna chipinda ali ambiri kuposa zipinda, landilodi alibe chomukakamiza. Mlendi sangafunse kuti, "Amayi, bwanji siling'i?" pamene kumbuyo kwake kuli anthu asanu okonzeka kulipira osafunsa kanthu.

Za kuchepa kwa oyendera nyumba ndi galimoto zawo n'zodziwika, sindichedwapo. Pamene mwini nyumba ayenera kupita yekha kukamutenga insipekita n'kumubwezanso, ubale wa awiriwo wasintha kale, ndipo siginecha ingapezeke popanda munthu kukwera makwerero.

Pali chinanso chimene olemba ndondomeko sakonda kuchitchula: mantha. Mu 2005 panachitika Operation Murambatsvina, pamene boma linagumula nyumba ndi malo amalonda amene linati ndi osaloledwa, ndipo lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito. Mabanja ambiri a kwathu, amene analibe mudzi wothawirako kuno, anavutika koposa. Chiyambire pamenepo, mawu akuti "malamulo a nyumba" m'makutu a anthu ambiri amatanthauza chigalimoto chogumula. Munthu amene akuopa samaitana insipekita kuti adzamulangize. Amabisala. Ndiye amene akuganiza kuti mankhwala ndi kukweza chindapusa ndi kuopseza akuwonjezera chifukwa chobisalira.

Zimene zingathandize

Khomo limene pafupifupi aliyense amafuna kudutsa ndi la mita ya magetsi. Munthu angazembe khonsolo, koma akafuna kulumikizidwa ayenera kuti mawaya ake aonedwe ndi ZETDC. Olemba lamulo la 2019 anaona bwino pamenepa. Wobwera kudzaona mawaya angathenso kuyang'ana ngati pali giza, ndi ya mtundu wanji, ndiponso ngati pali siling'i. Koma khomo limeneli lifunika kuligwiritsa ntchito mosamala. Nyumba zambiri za m'makomboni zilibe giza ya mtundu uliwonse, anthu amatenthetsa madzi m'poto kapena ndi elementi ya m'ndowa. Kukakamiza banja lotere kugula thanki ya dzuwa lisanalandire mita ndi kulanga umphawi, ndipo zotsatira zake ndi mawaya akuba okokedwa kuchokera kwa aneba. Ine ndikuona kuti funso loyenera ndi lakuti: ngati mwaika mapaipi a madzi otentha, akuchokera kuti? Amene ali ndi ndalama ya giza ya magetsi ndi amene ayenera kuuzidwa kuti aike ya dzuwa.

Chachiwiri, lamulo likhale lakuti mmisiri angathe kulisunga m'mutu. Pali njira ziwiri zolembera malamulo otere. Ina imati nyumba isapitirire mphamvu zakutizakuti pachaka, ndipo pamafunika katswiri ndi kompyuta kuti awerengere. Ina imangotchula zochita: mazenera aakulu kumpoto, denga litulukire mwakuti, khoma lakunja la njerwa ziwiri, siling'i ndi chofunda chokhuthala mwakuti, mapaipi a madzi otentha akulungidwe. Njira yoyamba ndi ya mahotela ndi maofesi. Nyumba ya banja ikufunika yachiwiri, papepala limodzi lokhala ndi zithunzi, m'Chishona, Chindebele, Chingelezi ndi Chichewa, chimene malamulo aakulu a dziko a 2013 anachiika m'gulu la zilankhulo zovomerezeka. Khonsolo ingapitenso patsogolo pokhala ndi mapulani angapo okonzeratu, ojambulidwa kale molingana ndi kumene msewu uli, amene munthu angatenge pamtengo wotsika n'kuvomerezedwa msanga. Munthu akaona kuti njira yolondola ndi imene ili yachidule komanso yotchipa, safunika kumuthamangitsa.

Magawo oyendera nawo asinthidwe kuti agwirizane ndi mmene timamangira. Tsiku lokhoma zikhomo insipekita amabwera kale kudzaona malire, ndiye kuyang'ana kumene kuli kumpoto sikumuwonjezera ulendo. Pa gawo la denga angaone ngati mitengo ikutha kunyamula thanki, ndiponso ngati pepala lonyezimira layalidwa malata asanakhomedwe, chifukwa pambuyo pake kuliika ndi ntchito yowirikiza. Pamene galimoto palibe, zithunzi za pafoni zosonyeza malo ndi tsiku zingathandize, bola pakhale maulendo ena odzidzimutsa kuti anthu asazolowere kutumiza chithunzi cha nyumba ya mnzawo.

Koma munthu amene ali ndi mphamvu zenizeni pa nyumba ya m'komboni si insipekita kapena wojambula pulani. Ndi mmisiri. Mwini nyumba akafunsa kuti, "Amisiri, zenera ili tiliike pati?" yankho limene alandire ndilo lamulo limene lidzatsatidwe. Amisiri ambiri sanadutse ku Harare Polytechnic kapena kulemba mayeso a ntchito zamanja. Anaphunzira ponyamula dothi ndi kusakaniza matope pansi pa amalume awo, ndipo amadziwa ntchito, kungoti za kayendedwe ka dzuwa palibe anawauza. Maphunziro a masiku ochepa, ochitikira pamalo omangira osati m'hotela, ndi khadi losonyeza kuti munthu anaphunzira, zingafike kutali kuposa gazeti ya boma. Khadi lotere limamupatsanso mmisiri poyambira kukambirana mtengo.

Mapulamba ndiye akufunika kwambiri, chifukwa giza ya dzuwa yoikidwa molakwika imaipitsa mbiri ya lamulo lonse. Zolakwika zake n'zobwerezabwereza. Machubu agalasi otola dzuwa amayang'anitsidwa kumwera kapena kumene kukuoneka bwino kuchokera kumsewu, m'malo mwa kumpoto. Thanki imaikidwa pansi pa mthunzi wa mtengo wa mapeyala. Malita 150 a madzi amalemera makilogalamu 150, osawerengera thanki ndi zitsulo, koma amaisanjika pa mitengo imene inapangidwira malata okha. Mapaipi amasiyidwa osakulunga, madzi n'kufika kubafa atazizira. Elementi yothandizira masiku a mitambo imalumikizidwa popanda wotchi yoizimitsa, motero imatenthetsa madzi usiku wonse, dzuwa n'kutuluka ntchito itatha kale, mwini wake n'kumadabwa kuti mayunitsi akutherabe chimodzimodzi. Ndipo pali vuto lathu la kuno: madzi a m'mipopi amasowa masiku angapo. Machubu agalasi akakhala opanda madzi padzuwa amatentha kwambiri, ndipo madzi ozizira akabwera mwadzidzidzi masana amatha kusweka. Pulamba wodziwa amaika thanki yosungira madzi yodyetsa gizayo, n'kuchenjeza banja kuti asadzazitse machubu ouma dzuwa lili paliwombo. Wosadziwa amalandira ndalama n'kupita, ndipo msewu wonse umamva kuti magiza a sola ndi achabechabe.

Katundu amene akulowa m'dziko ayeneranso kuyezedwa, monga zinachitikira ndi mababu. Thanki yochita dzimbiri m'zaka ziwiri siyobweza ndalama za mwini wake. Komanso malamulo omangira asatsekereze zipangizo zotchipa zimene zimagwira bwino ntchito. Zimbabwe ili ndi muyezo wake wa makoma a dothi lotsendera, SAZS 724 wa 2001, ndipo khoma lotere likamangidwa bwino limasunga kutentha mofanana ndi khoma lolemera la njerwa, popanda kutentha uvuni ndi mitengo. Chimene chimalilepheretsa m'tawuni ndi maganizo akuti dothi ndi la kumudzi, maganizo amene ali mwa ogula ndi mwa ovomereza mapulani omwe.

Ndalama ndi pamene zonse zimakanirira. Giza ya dzuwa imadula pogula n'kutchipa pogwiritsa ntchito, ya magetsi imatchipa pogula n'kudula mwezi ndi mwezi. Banja limene likuwerengera matumba a simenti limasankha chotchipa lero. Mabanki obwereketsa ndalama za nyumba angathe kuika siling'i ndi giza ya dzuwa m'ngongole n'kukana kutulutsa gawo lomaliza mpaka zitaikidwa, koma ofika ku banki ndi ochepa. Ambiri amamanga ndi ndalama za chipereganyu, za kumpingo, za abale akunja. Kumeneko ndi kumene uthenga uyenera kupita. Magulu athu a maliro, mipingo monga CCAP ya Sinodi ya Harare, mizikiti ya ku Mbare ndi madera ena, ndi malo amene anthu amamverana, ndipo gulu limene limatha kusonkha za bokosi ndi basi lingathe kugula mabodi a siling'i mochuluka pamtengo wotsika. Amene akutumiza ndalama kuchokera kunja nawonso ali ndi mawu. Asanatumize ya matailosi onyezimira afunse kaye chithunzi cha m'denga.

Za landilodi njira yake ndi yovuta, ndipo sindikhulupirira kuti chindapusa chingathetse. Chimene chingayese kugwira ndi kuchotsera pang'ono msonkho wa khonsolo kwa amene aonetsa kuti zipinda zake zobwereketsa zili ndi siling'i, kapena kufulumizitsa chilolezo cha kanyumba kakumbuyo kwa amene watsatira pepala lija. Zimenezi zikufuna khonsolo yokonzeka kutaya ndalama pang'ono lero, ndipo khonsolo imene ikuvutika kutola zinyalala ndi kupopa madzi siingavomere mosavuta.

Pomaliza pali kuwerenga. M'mayiko amene apita patsogolo pa nkhaniyi amasankha nyumba zingapo zatsopano mwachisawawa, n'kutumiza anthu osadalira khonsolo kukaona chimodzichimodzi: denga, mazenera, giza. Sapita kukalanga, amapita kukadziwa pamene amisiri akulakwitsa kwambiri kuti maphunziro alunjike pomwepo. Kuno chida china chilipo kale. Kuyambira 2012 ZETDC yakhala ikuika mamita ogula mayunitsi pasadakhale, motero kagwiritsidwe ntchito ka magetsi nyumba ndi nyumba kamadziwika mwezi ndi mwezi. Kuyerekeza nyumba za siling'i ndi zopanda siling'i m'dera limodzi m'mwezi wa Julayi kungapereke nambala imene mwini nyumba angaimvetse, ya mayunitsi ndi madola, osati ya mamegawati.

Mwayi waukulu umene ulipo panopa ndi ntchito yovomereza madera amene anamangidwa popanda dongosolo, monga Epworth ndi Caledonia, kumene boma lakhala likulonjeza mapepala a umwini. Munthu akalandira pepala la sitandi yake amayamba kuika ndalama pa nyumba mosaopa: amawonjezera zipinda, amasintha denga, amafunsira magetsi. Kumene nyumba inayang'ana sikungasinthidwenso, koma siling'i, chofunda cha padenga, mthunzi wa mazenera akumadzulo ndi mtundu wa giza zonse zikhoza kukonzedwa pa nyumba yoima kale. Ofesi imene ikupereka pepala la umwini ingaperekenso pepala la zithunzi lija ndi mndandanda wa amisiri ndi mapulamba a m'dera lomwelo amene anaphunzira, n'kupereka zaka zingapo kuti munthu akonze asanafunsidwe satifiketi yolowera m'nyumba.